Timabowo ta M'chipinda cha Kumapeto

MUTU 5

1. Nyumba ya kumtunda

Chipatala chija chinali ndi nyumba zambiri, zatsopano ndi zakale. Zatsopano zinali kufupi ndi chipata, zopakidwa penti yoyera. Zakale zinali kumbuyo, za njerwa zofiira, madenga ake aatali ngati a tchalitchi. Zonse zinalumikizidwa ndi kanjira kofoleredwa ndi malata, kuti wodwala asanyowe pomusamutsa.

Kanjirako kankadutsa pakhitchini, n'kukhota pa thanki ya madzi, n'kulambalala nyumba yochapira yakale imene chumuni chake chinasiya kalekale kufuka utsi. Kenako kankakwera mtunda n'kukathera pa nyumba ina yokhala payokha. M'menemo ndi momwe ankagonekamo odwala chifuwa chachikulu. Bambo ake a Kamaso anali m'chipinda cha kumapeto kwenikweni.

Kamaso anali mtsikana wa kusekondale. Dzina limeneli anamupatsa ndi bambo ake omwewo, chifukwa ankayang'ana zambiri koma n'kuyankhula zochepa. Sukulu itatsekera, anabwera kudzathandiza azakhali ake kudwazika matenda. Mayi ake anatsala kunyumba ndi khanda, poti adokotala ananenetsa kuti khandalo lisayandikire.

Nyumba ya kumtundayo anaimanga modabwitsa. Inakhala pamwamba pa zipilala za njerwa, moti kumbuyo, komwe nthaka inatsetsereka, munthu wamkulu akanayenda pansi pake osawerama. Kutsogolo kunali khonde lalitali. Zipinda zake zinali zopapatiza koma siling'i ili kutali. M'munsi mwa khoma, pafupi ndi simenti, munali timabowo totchingidwa ndi tizitsulo. Pamwamba, pafupi ndi denga, panali timabowo tina. Pamwamba pa chitseko chilichonse panali kazenera kakang'ono.

Masiku oyamba Kamaso anaikonda nyumbayo. Simunkanunkha mankhwala ngati m'mawodi a kumunsi.

Kenako kunayamba kuzizira.

Mphepo inkalowera m'munsi n'kutulukira m'mwamba, usana ndi usiku, osapuma. Bambo ake, omwe anali telala wonenepa bwino asanadwale, tsopano anali mafupa okhaokha. Ankanjenjemera mpaka bedi lachitsulo n'kumalira.

"Achemwali," anatero tsiku lina akuyesa kuseka, "kawauzeni eni nyumbayi kuti ine ndine munthu. Sindine chimanga choti chiume."

Azakhali sanaseke. Iwo ndi amene analera mchimwene wawoyo kuyambira ali wamng'ono. Anayang'ana timabowo tija nthawi yaitali, atagwira m'chiuno.

2. Makatoni

Lamulo la anamwino linali lodziwika. Mazenera azikhala otsegula. Odwazika azikhala pakhonde, ndipo polowa m'chipinda azivala masiki.

Koma anamwino anali ochepa, ndipo kumtunda ankangofikako m'mawa ndi madzulo. Ndiponso sakanadzidzimutsa munthu. Simenti ya m'kanjira kaja inali yong'aluka, choncho kangolo kawo ka mankhwala kankamveka kakadali pa thanki.

Azakhali anatola makatoni kuseri kwa khitchini. Timabowo ta m'munsi anatseka okha, n'kukankhirapo kabati ndi zikwama. Ta m'mwamba anakwezapo Kamaso, atasanjikiza mpando patebulo. Akamva kangolo, ankatsegula zenera n'kutuluka pakhonde masiki ali kukamwa. Kangolo kakatsika, ankatsekanso, onse n'kukhala m'kati. Zinayenda choncho kwa masiku angapo.

Kabowo kamodzi kokha kanakanika, ka pamwamba pa bedi. Katoni akaiikapo, mphepo inkaigwetsa.

Tsiku lina kunacha ndi mvula yamawawa. Bambo sanadye chilichonse. Zala zawo zinali zozizira ngati mpope wa panja. Masana azakhali anatuluka, ndipo anabwerako atasenza beseni lovindikiridwa ndi nsalu. Atalitula, Kamaso anaona kuti munali mbaula ndi makala.

"Azakhali," anatero chapansipansi, "anamwino anati..."

"Anamwino anati! Anamwino anati!" azakhali anamudula. Iwo ankagulitsa zovala pamsika, ndipo mawu awo anazolowera kupambana a anzawo. "Anamwinowo avala majuzi awiri. Kodi amene akunjenjemera apawa ndi mchimwene wawo? Tawaona abambo ako. Ukufuna chifuwa chiwasiye, chisanu n'kuwatenga?"

"Ayi."

"Ndiye tamvera. Pita kwa akalipentala ku nyumba yochapira ija, ukapemphe kathabwa ndi misomali. Titseke kabowo ako, kenako tiyatse, kutentha kusathawe. Koma usakayerekeze kutchula mbaula. Anthu a pano akamva, atithamangitsa tonse awiri. Abambo ako atsala okha kumtunda kuno. Aziwamwetsa madzi ndani? Aziwatembenuza ndani? Wamva?"

"Ndamva."

"Pakamwa pakopo m'pomwe ndimakukondera. Sipatayikira."

Bambo anatulutsa mutu m'bulangete. "Mayi wanga," anatero kwa Kamaso, "fulumira. Abambo ako asanasanduke madzi oundana."

3. Kwa a Msomali

Nyumba yochapira yakale inali itasanduka mogwirira ntchito akalipentala a chipatala. Mabeseni a simenti anali akadalipo m'mbali mwa khoma, koma tsopano munadzaza mahinjesi, maloko akufa ndi miyendo ya mabedi. Akalipentalawo anali bambo achikulire. Aliyense ankawatchula kuti a Msomali, chifukwa sankasowa msomali pakamwa akamagwira ntchito.

Kamaso anaima pakhomo mpaka iwo anachita kumuona okha.

"Lowa, mwana wanga, mvula ikumaliza. Ukufuna chiyani?"

"Azakhali andituma kathabwa. Ndi misomali."

"Kakakulu bwanji?"

Kamaso anaonetsa ndi manja. A Msomali analavulira msomali m'dzanja, n'kupukusa mutu.

"Umadwazika kumtunda, eti? Khala pabenchipo. Chaka chilichonse kukangozizira pamabwera munthu kudzapempha kathabwa ka msinkhu umenewo. Ena amati n'ka shelefu, ena amati n'kokhalira. Iwe bola sunandinamize, wangokhala chete. Kathabwako sindikupatsa, koma sindikubweza chimanjamanja. Ndikuuza chifukwa chake."

Anamukokera pazenera lomwe linayang'ana kumtunda.

"Taiona nyumba ija. Ukuganiza kuti omanga njerwa zinawathera, n'chifukwa chake anasiya mabowo? Ayi. Nthawi imene ankaimanga, nthenda ya abambo akoyi inalibe mankhwala. Kunalibe mapiritsi, kunalibe jakisoni. Chomwe anali nacho ndi mpweya, dzuwa ndi chakudya basi. Ndiye anati nyumbayo ikhale mankhwala. Anaiika pamtunda kuti mphepo iziipeza. Anaiika patali, komanso mbali yomwe mphepo imapita, kuti mpweya wochoka m'menemo usabwerere kwa odwala ena. Anaikweza pa zipilala kuti chinyontho cha m'nthaka chisakwere m'makoma."

Analoza ndi pensulo yake.

"Tsono timabowo tija. Mpweya womwe wodwala watulutsa umakhala wofunda, ndipo wofunda umakwera. N'chifukwa chake siling'i anaiika kutali, kuti ukwere kupitirira mitu ya anthu, utulukire m'timabowo ta m'mwamba. Ukamatuluka umakoka wina watsopano kudzera m'timabowo ta m'munsi. Nyumba ija imapuma, mwana wanga, ngati iwe ndi ine. Ukaitseka mphuno, zomwe wodwala watsokomola zimangozungulira m'chipindamo. Iye amazipumanso. Iwenso umazipuma. Kuzizira n'kowawa, sindikukana. Koma kuzizira kwa m'nyumba ija sikunaphepo munthu wofunda bulangete."

Kamaso ankayang'ana utuchi womwe unali pansi.

"Tsopano ndikuuze choopsa kuposa zonse. Amene watseka mabowo, mawa amabweretsa mbaula. Zimayendera limodzi. Makala akayaka n'kufiira, anthu amati utsi watha, tilowetse m'nyumba. Watha ndi utsi wooneka. Pamatsala wina wosaoneka. Sununkha, sutsokomoletsa, suwawa m'maso. Umangokupatsa litsipa pang'ono ndi tulo tokoma. Ukati ndidzuke nditsegule chitseko, miyendo imakana. Munthu wa mapapo abwino amapirirako. Wa mapapo odwala sachedwa. Ine ndisanamere imvi anandiitana kuti ndikathyole chitseko kumtunda komweko. Munali mayi ndi mwana wake wamkulu. Anagona bwinobwino, nkhope zosalala, ngati ungawadzutse. Chitsekocho ndinachikonza tsiku lomwelo, koma mpaka lero ndikamadutsapo ndimayang'ana kumbali."

Kenako anamuyang'ana m'maso.

"Kwanuko kulibe mbaula, eti?"

Kamaso anamva mawu a azakhali m'makutu mwake. Anapukusa mutu pang'ono, osadzutsa nkhope.

"Chabwino. Tenga mabotolo awa. Pita kukhitchini akakuthirire madzi otentha, uwakulunge m'nsalu, uwaike kumapazi ndi kumsana kwa abambo ako. Mawa ndikakupemphera bulangete lina kwa ochapa. Ndipo ngati pali chomwe mwatseka kale, kachotseni lero lomwe. Azakhali ako akavuta, uwauze kuti abwere adzakalipire ineyo. Ndinazolowera, kunyumba amandikalipira tsiku ndi tsiku."

4. Pa thanki

Kukhitchini kunali mzere. Odwazika ambiri ankafuna madzi otentha tsiku limenelo, ndipo mphika waukulu unali usanawire. Kamaso anaima kumapeto. Amayi ena awiri anamulowerera kutsogolo, iye n'kuwasiya.

Ankangoyang'ana kumtunda. Azakhali anati ayatsa kathabwa kakabwera. Kathabwa kalibe, ndiye kuti sayatsa. Anabwereza zimenezi mumtima kangapo, koma miyendo yake sinkakhazikika.

Atalandira madzi, anakulunga mabotolo m'juzi yake n'kuyamba kukwera. Pa thanki anakumana ndi anamwino aakulu a kumtunda, akuchokera ku nyumba yosungira mankhwala.

"Iwe wa m'chipinda cha kumapeto! Mabotolo a madzi otentha? Wachita bwino kwambiri. Bambo ali bwanji masana ano?"

Kamaso anatsegula pakamwa. Mawu anafika pakhosi n'kuima.

"Ali bwino," anatero.

"Zenera n'lotsegula?"

"Eya."

"Ndiwe mwana wabwino. Ndibwera madzulo ndi mankhwala."

Anamwino anakhotera ku mawodi a kumunsi. Kamaso anawayang'ana mpaka analowa. Kenako anayamba kuyenda mofulumira, ndipo atadutsa nyumba yochapira anayamba kuthamanga.

Asanafike pakhonde anakweza maso. Pakabowo ka pamwamba kaja, komwe kanakanika kutseka, panatulukira nsonga ya nsalu. Anaizindikira. Inali nsalu yomwe inavindikira beseni.

5. Chitseko

Pakhonde panalibe munthu. Chifukwa cha mvula odwala onse anali m'zipinda zawo. Chitseko cha kumapeto chinali chotseka. Kamaso anakankha, koma chinali chokhomedwa ndi mpiringidzo m'kati.

Anagogoda pang'onopang'ono. "Azakhali, ndine."

Zii.

Anagogodanso. "Azakhali!"

"Usapange phokoso," anayankha mawu a azakhali. Koma sanali mawu a pamsika aja. Anali olemera, okokeka ngati a munthu woledzera. "Ndikubwera. Mutuwu... Dikira."

Kunamveka mpando ukukhwekhwereka, kenako chinthu cholemera chikugwa. Kenako kunalibenso kanthu.

Kamaso anaika mabotolo pansi. Anakokera benchi ya pakhonde pachitseko, n'kukwerapo, n'kusuzumira pakazenera ka pamwamba. Galasi linali lofunda.

Mbaula inali pakati pa chipinda, makala ali psuu. Utsi munalibe. Azakhali anali pansi, atatsamira mwendo wa bedi, dzanja limodzi litaloza kuchitseko. Bambo anagona chagada. Sankanjenjemeranso. Mkono wawo unalendewera kunja kwa bulangete, ndipo nkhope yawo inali yosalala.

"Ababa!" Anamenya galasi ndi chikhatho. "Ababa!"

Sanagwedezeke.

Kazenerako azakhali anali atakamanga ndi waya. Zenera lalikulu linali kumbuyo, komwe nyumba inatalikira pa zipilala, kosafikika. Kamaso anatsika, n'kutenga mopu yomwe inatsamira khoma. Anakweranso, anatembenuza nkhope, n'kumenya galasi ndi mtengo wa mopuyo. Linasweka. Mpweya wotentha unamuwomba kumaso.

Anadumpha pabenchi, n'kugwada pasimenti yonyowa. Analowetsa mtengowo pakati pa tizitsulo ta kabowo ka m'munsi n'kukankha. Katoni inagonja pang'ono, kenako inakakamira pa kabati. Kabowo kachiwiri kanatseguka. Anaikapo pakamwa.

"Azakhali, dzukani! Tsegulani!"

Palibe anayankha.

Anaimirira n'kuyang'ana kumunsi. Madenga a mawodi ankaoneka patali, kuseri kwa mvula. Akakuwa, anamwino abwera. Akabwera aona mbaula, aona makatoni, adziwa kuti iye anawanamiza pa thanki. Anayang'ananso chitseko.

"Thandizeni!" anakuwa. Mawu ake anatuluka aang'ono, mphepo n'kuwatenga. Anakoka mpweya. "Thandizeni! Anthuni, thandizeni! Bambo anga!"

Chitseko cha chipinda choyandikana chinatseguka. Munatuluka wodwala wina, bambo wamtali atafunda bulangete. Anayesa kugunda chitseko ndi phewa, koma chinali cha thabwa lakale lochindikala, ndipo iye analibe mphamvu. Anatsamira khoma akutsokomola.

"Kumunsi sangakumve," anatero akupuma movutika. "Menya chitsulo icho. N'chomwe ankaitanira anamwino kale."

Pa nsanamira ya pakona panalendewera chidutswa cha njanji, chadzimbiri, chomangidwa ndi tcheni. Kamaso anatola mwala n'kuyamba kumenya. Kulira kwake kunadzaza khonde lonse, n'kutsika ndi kanjira. Anamenya, akukuwa, mpaka mwala unamucheka m'manja. Zitseko zina zinatseguka. Kukhitchini anthu anatuluka n'kuyang'ana kumtunda.

Woyamba kufika anali a Msomali, akuthamanga motsimphina, mgwala wachitsulo uli m'manja. Sanafunse chilichonse. Pambuyo pawo panali anamwino aakulu ndi mlonda.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa anamwino. "Muli chiyani m'katimo? Yankhula, mwana iwe, ndidziwe chochita!"

Pakhonde panali patadzaza anthu, onse akumuyang'ana.

"Mbaula," anatero Kamaso mokweza. "Muli mbaula yamoto. Mabowo onse tinatseka ndi makatoni, a m'mwamba ndinatseka ndine. Papita masiku. Bambo sakudzuka."

Anamwino anatembenukira kwa mlonda. "Thamanga! Machira ndi silinda ya mpweya. Uwauze adokotala kuti ndi makala." Kenako anakuwira anthu. "Nonse futukani! Chitseko chikatseguka asalowe wina aliyense. A Msomali, kokani mpweya panja pano, m'katimo musapume."

Mgwala unaluma pamphuthu. Thabwa linalira, mpiringidzo n'kuzuka pamodzi ndi misomali yake.

6. Pabenchi ya kumunsi

A Msomali anatuluka ndi mbaula n'kuiponya pabwalo, makala n'kumalira m'matope. Analowanso n'kutsegula zenera. Anamwino ndi odwazika ena awiri anakokera azakhali pakhonde, kenako ananyamula bambo pamodzi ndi matiresi awo.

Azakhali anatsitsimuka mphepo itawawomba. Anasanza, n'kuyamba kufufuza ndi manja. "Achimwene... Achimwene ali kuti?"

Bambo sanatsitsimuke. Anamwino anawagwira pakhosi, n'kuika khutu pachifuwa. "Akupuma, koma pang'ono," anatero. Machira atafika anawaveka chopumira kumaso, n'kuyamba kutsika nawo. Kamaso ankathamanga pambali atagwira phazi lawo. Mawilo ankagunda m'ming'alu ya simenti, mutu wa bambo n'kumagwedera uku ndi uku.

Pakhomo la chipinda cha odwala mwakayakaya anamuletsa kulowa. Anakhala pabenchi ya panja. Wina anamumanga bandeji m'manja, koma sanaone kuti anali ndani.

Patapita nthawi anabweretsa azakhali pa njinga ya odwala, nawonso atapumitsidwa mpweya wa m'silinda. Anakana kugona. Anakhala kumapeto kwa benchi yomweyo, atafunda bulangete la chipatala, maso ali pansi.

"Chipatala chonse chamva," anatero azakhali. Mawu awo anali osasa. "Akuti mayi uja amafuna kupha mchimwene wake."



"Ndinadikira, iwe osabwera. Iwo akungolira kuzizira. Ndinati ndingoyatsa pang'ono." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete. "Anasiya kunjenjemera, ine n'kumathokoza. Ndinati agona bwino lero."

Anasendera pafupi ndi Kamaso, n'kugwira dzanja la bandeji lija.

Mvula inali itakata pamene anamwino aakulu anatuluka. Onse awiri anaimirira, azakhali akudzandira.

"Atsegula maso," anatero anamwino. "Afunsa kuti mayi wawo ali kuti. Ndinayesa akubwebweta, koma akuti akunena iweyo."

Kamaso anakhalanso pabenchi. Azakhali anaphimba nkhope ndi manja.

"Musathokoze msanga. Agona muno mpaka adokotala akhutire, chifukwa mpweya wa makala nthawi zina umavulaza mochedwa. Mayi, inu sindikukalipirani lero, thupi lanu lakukalipirani kale. Za kukhala kwanu kumtunda tikambirana ndi akuluakulu. Sindikukayika kuti mumawakonda achimwene anu. Koma mukaona kuti lamulo la pano likumupweteka wodwala wanu, bwerani mudzakangane nafe. Tikanakupatsani mabulangete, tikanawasunthira bedi kumbali yopanda mphepo. Zobisa sitingazikonze."

Anatembenukira kwa Kamaso.

"Iwe, kukuwa kwako kwapulumutsa anthu awiri. Zimenezo usadzaiwale. Koma usadzaiwalenso kuti pa thanki paja ndinakufunsa, ndipo unali ndi yankho m'kamwa. Ukanalitulutsa, tikanakwera limodzi, chitseko n'kutseguka msanga. Kulemekeza akulu n'kwabwino, ine ndemwe ndili ndi ana ndipo ndimafuna azindimvera. Koma wamkulu akalakwitsa pa nkhani ya moyo, mwana amene waona ayankhule. Atukwanidwe, akwiyiridwe, koma ayankhule. Mkwiyo umatha."

"Ndamva," anatero Kamaso.

"Tsopano pali china." Anamwino anapisa m'thumba la yunifolomu n'kutulutsa timabotolo tiwiri ta pulasitiki, ta zivindikiro zofiira. "Wanena wekha kuti mabowo akhala otseka kwa masiku. Bambo ako angoyamba kumene mankhwala, nthenda ikadali ndi mphamvu yopatsira ena. Masiku onsewo inu awiri mwakhala m'katimo, opanda masiki, mukupuma mpweya umodzi ndi iwo. Mawa m'mawa, musanadye kanthu, aliyense aike makhololo m'kabotolo kake, mubwere nato kuno. Tikujambulaninso pachifuwa. Mpaka titadziwa, kunyumba kuli khanda kuja asapiteko wina aliyense."

"Nanga sukulu ikatsegulira?" anafunsa azakhali. "Mwanayu ali ndi mayeso."

"Tiona zotsatira kaye."

Anamwino anayamba kubwerera m'chipinda. Kamaso anayang'ana kabotolo kali m'dzanja lake. Kanali kopepuka ngati mulibe kanthu m'manjamo.

Pakhosi pake panayamba kuyabwa. Mwina kunali kukuwa kuja, mwina mvula. Anameza malovu. Anamezanso, atatseka pakamwa mwamphamvu. Koma chifuwa chinatuluka basi, chouma, kawiri.

Anamwino anaima pakhomo, dzanja lili pachitseko, n'kutembenuka.

"Chimenecho chayamba liti?"